Funsani Akatswiri: Musanayatse kompyuta, tengani pepala ndi pensulo

Mwezi uno tasankha makalata ochokera m'mbali mwa nyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Onse akukhudza kuyerekezera ntchito pa kompyuta, makamaka gawo loyamba lomwe ambiri amalidumpha, lolemba pulani papepala. Manambala a m'mayankho athu ndi ongopereka chitsanzo, aliyense ayeze ake pamalo pake.

Ndikuphunzira za makompyuta pa koleji. Pulojekiti yanga ndi yopanga simulation ya mzere wa anthu pa chigayo cha mpunga cha amalume anga kufupi ndi Lifuwu. Ndinali nditayamba kale kulemba pulogalamu ya kompyuta m'chinenero cha Python, koma aphunzitsi andibweza, akuti ndiyambe ndalemba conceptual model. Kodi chimenechi n'chiyani? Si kungonditayitsa nthawi?
*Wophunzira, Salima*

Achemwali, aphunzitsi anuwo sanakulakwireni. Simulation ndi kuyendetsa ntchito mwachiyerekezo mu kompyuta kuti muone chomwe chingachitike mutasintha kanthu, musanagule makina kapena kulemba munthu ganyu. Ife pano tizingoti chiyerekezo. Conceptual model ndiyo pulani ya chiyerekezocho, masamba awiri kapena atatu olembedwa m'mawu oti amalume anu atha kuwerenga n'kukutsutsani. Mmisiri asanakumbe maziko a nyumba amakhoma zikhomo n'kukunga chingwe, mwini nyumba amabwera n'kunena kuti khomo lisaloze uku. Kuzula chikhomo ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma kugumula khoma kumadya simenti ndi njerwa.

Katswiri wina wa ku Britain, Stewart Robinson, mu 2008 anafotokoza kuti pulaniyi isadalire pulogalamu iliyonse ya kompyuta, ndipo ikhale ndi cholinga, zomwe mudzasintha, zomwe mudzayeza, zomwe zili m'kati mwa chiyerekezo, zomwe mwangoganizira ndi zomwe mwafupikitsa dala. Tiyeni tiziike pa chigayo cha amalumewo.

Yambani ndi cholinga, ndipo chikhale ndi nambala. "Kuyerekezera chigayo" si cholinga ayi. Funsani amalume chomwe chikuwasowetsa tulo. Mwina ndi chakuti nthawi yokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, anthu amatopa kudikira n'kukweza matumba awo kupita ku chigayo china. Ndiye cholinga mulembe chonchi: m'nyengo yokolola, anthu 9 mwa 10 aliwonse asadikire kupitirira ola limodzi, ndipo zitheke popanda kugula chigayo chachiwiri. Chiganizo chimodzi chimenechi ndicho chidzakuuzani zoti mulowetse ndi zoti musiye.

Zoyeza zikutuluka m'cholingamo: nthawi yomwe munthu aliyense wadikira, chiwerengero cha omwe abwerera osapunthitsa, ndi matumba opunthidwa pa tsiku. Musangotenga avereji ya nthawi yodikira. Avereji ya mphindi 30 ikhoza kubisa anthu 10 omwe anakhala maola 3 padzuwa. Zosintha ndi zokhazo zomwe amalume ali ndi mphamvu pa izo, monga kutsegula 6 koloko m'malo mwa 7 koloko, kuwonjezera mnyamata wothira mpunga m'chigayo, kapena kupatula mzere wa anthu a katundu wochepa. Mvula ndi magetsi sizosintha zanu, amalume sangazilamule.

Tsopano jambulani ulendo wa mpunga, bokosi ndi muvi, kuchokera pachipata mpaka kubwereranso pachipata. Kufika, kutsitsa, kuyeza pa sikelo, kulipira, kudikira, kuthira m'chigayo, kulonga mpunga wopuntha, kutenga gaga, kuchoka. Pa bokosi lililonse lembani amene akugwira ntchitoyo. Mukapeza kuti woyeza pa sikelo ndi yemwenso amalandira ndalama, ndiponso amathamangira kukathandiza lamba akaduka, mwatulukira chinthu chomwe mizere 500 ya Python sikanakuuzani.

Apa pali funso lomwe timafuna mulikhalire pansi: chomwe chikuyenda m'chiyerekezo chanu ndi munthu kapena thumba? Mayi wobwera ndi ndowa imodzi ya pakhomo ndi venda wobwera ndi matumba 20 a makilogalamu 50 pa ngolo onse ndi "kasitomala mmodzi". Mukawapatsa nthawi yofanana, chiyerekezo chanu chafa chisanabadwe, chifukwa mzere wa pa chigayo umatalika makamaka venda akakhala kutsogolo. Njira yabwino ndi yakuti munthu aliyense afike ndi kuchuluka kwa katundu wake, ndipo nthawi yopuntha iwerengedwe potengera makilogalamu. Izi zimagamulidwa papepala. Mukazizindikira pulogalamu itatha, mudzafumula pafupifupi yonse.

Malire nawo mulembe poyera. Mtengo wa mpunga wa Kilombero ku Lilongwe ukhale kunja. Kulima ndi kukolola zikhale kunja. Kuthima kwa magetsi kulowe, popeza kumaimitsa chigayo anthu akupitirizabe kufika. Nanga chinyezi? Mpunga umapunthika bwino ukauma kufika pa chinyezi cha pafupifupi 14 peresenti, wauwisi umavuta ndiponso umasweka. Ngati obwera ndi mpunga wosauma ndi ochepa, asiyeni kunja koma mulembe kuti mwawasiya.

Pomaliza, mindandanda iwiri yomwe ophunzira amakonda kuisakaniza. Zongoganizira ndi zomwe mwaika chifukwa zoona zake simukuzidziwa, monga kunena kuti munthu amabwerera akaona anthu opitirira 15 pamzere. Zofupikitsa dala ndi zomwe mukuzidziwa bwino koma mwasankha kuziphweketsa, monga kuphatikiza kuyeza ndi kulipira kukhala gawo limodzi. Zoyambazo zimathetsedwa pokafufuza, zachiwirizo zimathetsedwa powonjezera pulogalamu. Pambali pa chilichonse lembani ngati chingasinthe yankho kwambiri kapena pang'ono, kuti mudziwe koyambira.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangowerengetsera ndi avereji n'kuthana nazo. Tiyerekeze kuti chigayo chimatha munthu mmodzi pa mphindi 6, ndiye kuti anthu 10 pa ola, ndipo amafika anthu 8 pa ola. Mwamsanga munganene kuti mzere palibe. Koma anthu safika motalikirana mofanana, ndipo katundu wawo salingana. Masamu a mizere, omwe anayambitsa Agner Erlang mu 1909 pa kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen, amasonyeza kuti kufika ndi kuthandizidwa zikakhala zamwamwayi kotheratu, munthu adzadikira mphindi 24 pa avereji. Ofika akakhala 9 pa ola, mphindi 54. Akakhala 5, mphindi 6 zokha. Munthu mmodzi yekha wowonjezera pa ola, kuchoka pa 8 kufika pa 9, wachulukitsa kudikira kuposa kawiri. Masamuwa amagwira pa ntchito yoyenda mosalekeza, pamene chigayo chimatsegulidwa m'mawa, chimadzaza, magetsi amathima, madzulo n'kutseka. N'chifukwa chake pamafunika chiyerekezo, ndipo pulani yanu ionetse poyera pomwe pali kusinthasintha kotere.

Zomwe munalemba kale mu Python musataye. Zisungeni, muzibwerere pulani ikavomerezedwa ndi amalume komanso mnyamata woyendetsa chigayo.

Ndimagwira ntchito pa chipatala china kuno ku Nkhotakota. Tikufuna kuyerekezera mzere wa odwala oyendera kuti tione ngati tikufunika dokotala wina. Pamsonkhano aliyense akufuna gawo lake lilowe: achitetezo, ochapa, a ambulansi, a kukhitchini. Akuti chiyerekezo chikakhala ndi zonse ndiye chikhala cholondola. Ndi zoona?
*Wazaumoyo, Nkhotakota*

Si zoona, bambo, ndipo maganizo amenewa agwetsa mapulojekiti ambiri. Chilichonse chomwe mwalowetsa chimafuna manambala ake. Mukalowetsa khitchini muyenera kuyeza za kukhitchini, ndipo mukalephera kuyeza mudzaika zongopeka. Zikachuluka zongopeka, chiyerekezo chimaoneka chachikulu ndi chokongola koma yankho lake limasokera, ndipo palibenso amene angalondole pomwe cholakwa chalowera. Tsatanetsatane amathandiza mpaka penapake, kupitirira apo amangowonjezera ntchito ndi zolakwa.

Pa chilichonse chomwe mnzanu wabweretsa, funsani funso limodzi: titachisiya, kodi nthawi yodikira ya wodwala woyendera isintha moti chiganizo chathu cholemba dokotala chisinthe? Ochapa ndi akukhitchini agwa pomwepo. Ambulansi ilowe mwanjira imodzi yokha: ikabweretsa wodwala mwakayakaya, dokotala amachoka pampando kwa kanthawi. Simufunika galimoto, dalaivala kapena mafuta m'chiyerekezo, mufunika kudziwa kuti dokotala amaitanidwa kangati pa tsiku ndipo amakhalitsa bwanji.

Chomwe tikuopa kuti mungachisiye, pamene ndicho chofunikadi, ndi kubwerera kwa odwala kuchokera ku labu. Anthu ambiri amajambula mzere woongoka: kulembetsa buku, sikelo, dokotala, labu, kolandirira mankhwala. Koma woyezedwa malungo amabwerera kwa dokotala ndi zotsatira. Onani masamu ake. Madokotala 2 ali ndi mphindi 120 pa ola. Odwala 30 pa ola, aliyense mphindi 3, ndi mphindi 90, ndiye kuti atanganidwa 75 peresenti ya nthawi yawo ndipo zikuoneka ngati zili bwino. Tsopano 12 mwa odwalawo abwerere kuchokera ku labu, aliyense atenge mphindi 2. Zakwana mphindi 114 mwa 120, yomwe ndi 95 peresenti, ndipo pamenepo mzere umakula msanga. Muvi umodzi woiwalika papepala wasintha yankho lonse. Mulembenso lamulo lake: wobwerera ku labu amalowa patsogolo kapena amayambanso kumbuyo? Funsani amene amakhala pakhomo la chipinda cha dokotala, osati zomwe zinalembedwa pakhoma.

Chachiwiri ndi kafikidwe. Odwala oyendera amaunjikana m'mawa, ena amafika zitseko zisanatsegulidwe. Mukagawa odwala 200 pa maola 8 n'kunena kuti 25 pa ola, kompyuta idzakuuzani kuti mzere palibe, pamene maso anu akuona mabenchi odzaza. Werengani ofika pa ola lililonse palokha, ndipo Lolemba mulisiyanitse ndi masiku ena. Nyengo ya mvula, malungo akachuluka, ikhale ndi manambala akeake.

Pali kachipangizo kamodzi koyesera ngati manambala anu akugwirizana, lamulo lomwe John Little anatsimikizira mu 1961. Anthu omwe ali m'kati pa avereji amafanana ndi ofika pa ola kuchulukitsa ndi maola omwe aliyense amakhala. Ofika 30 pa ola, aliyense maola 2, payenera kukhala anthu pafupifupi 60 pamalopo. Mukawerenga mitu n'kupeza 150, ndiye kuti pena pake pakubisala kudikira komwe simunakujambule, kapena mukuwerengera limodzi ndi operekeza odwala.

Anzanu omwe magawo awo atsala musawanyalanyaze. Lembani magawowo pa mndandanda wa zosiyidwa, ndi chifukwa chake, aliyense aone. Munthu amalola kusiyidwa akaona kuti anamveka.

Gulu lathu la ulimi wamthirira lili ndi mahekitala 2 m'mbali mwa mtsinje wa Bua, pampu ya sola ndi thanki. Mu Okutobala madzi samakwana. Mwana wanga akuti tipeze munthu atipangire chiyerekezo tisanagule thanki ina. Tiyambire pati?
*Mlembi wa gulu, Nkhotakota*

Mayi, yambirani pa kuwerengetsa kwa pamanja, chifukwa mwina kukwanira. Vuto lanu si la mzere ngati awiri apamwambawa. Mpunga wa pa chigayo ndi odwala timawawerenga mmodzimmodzi, chiyerekezo chake chimadumpha kuchoka pa chochitika china kufika pa china. Madzi amangoyenda, ndiye pulani yake ndi ya nkhokwe ndi mipopi: zolowa, zosungidwa, zotuluka. Kaganizidwe aka anakakulitsa Jay Forrester ku yunivesite ya MIT ku America m'zaka za m'ma 1950. Kusankha pakati pa mitundu iwiriyi ndi gawo la pulani, ndipo kusankha molakwika kumavutitsa mpaka mapeto.

Jambulani thanki pakati. Muvi wolowa ndi pampu, mivi yotuluka ndi madzi opita kumunda, otayika m'ngalande, ndi osefukira thanki ikadzaza. Kenako sinthani zonse zikhale m'muyeso umodzi, chifukwa apa ndi pomwe anthu amagwa kawirikawiri: alangizi amanena mamilimita, wogulitsa pampu amanena ma cubic metre pa ola, thanki yalembedwa malita. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, omwe ndi ma cubic metre 10. Tinene kuti mbewu zikufuna mamilimita 6 pa tsiku nyengo yotentha. Pa mahekitala 2 ndi malita 120,000. Ngati mwa madzi opopedwa ofika ku mizu ndi 60 peresenti yokha, ena akulowerera m'ngalande zadothi, muyenera kupopa malita 200,000 pa tsiku. Pampu yopereka malita 20,000 pa ola, kwa maola 6 a dzuwa lamphamvu, ikupatsani 120,000. Mwapereweredwa 80,000 tsiku lililonse, ndipo thanki yachiwiri singathetse zimenezo. Thanki imasunga madzi, siyiwapanga. Zikatero njira zanu ndi kumata ngalande, kuchepetsa malo obzala nyengo yotentha, kapena kuwonjezera mphamvu yopopa.

Thanki ingathandize ngati pampu ikupereka okwanira pa tsiku koma masana thanki imasefukira pamene alimi akufuna kuthirira m'mamawa ndi madzulo. Pamenepo chiyerekezo chili ndi ntchito, ndipo Excel ikwanira: mzere umodzi pa ola limodzi, madzi a mu thanki akhale a ola lapitalo kuwonjezera olowa kuchotsa otuluka, osapitirira kukula kwa thanki ndiponso osatsika pansi pa ziro. Musachite mzere umodzi pa tsiku, chifukwa kusefukira kwa masana ndi kuuma kwa madzulo zidzafufutana n'kuoneka ngati zonse zili bwino.

Mphamvu ya pampu muyeze nokha, musakhulupirire yolembedwa pa katoni. Tengani dilamu ya malita 200, muone nthawi yomwe ikutenga kudzaza pa 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko masana, pamalo pomwe madzi akulowera mu thanki. Mtunda wokwera ndi kutalika kwa paipi zimadya mphamvu.

Tikufuna kupanga chiyerekezo cha ntchito yathu, koma tilibe manambala aliwonse olembedwa. Kodi tisiye kaye mpaka titatolera a chaka chonse?
*Woyang'anira malo ogulira usipa, Senga Bay*

Ayi achimwene, lembani pulani kaye, ndiyo idzakuuzani manambala oti mutolere. Otolera asanalembe pulani amabwera ndi makope odzaza zinthu zosafunika, chofunikacho palibe. Pa chilichonse ikani chizindikiro: chilipo kale, chingayezedwe, kapena sichingayezedwe pakali pano. Zoyezeka muyeze ndi wotchi ya pa foni, ndipo mulembe nthawi iliyonse payokha, osati avereji. Pa zosayezeka funsani wogwira ntchitoyo manambala atatu: ikafulumira kwambiri, nthawi zambiri, ndi ikachedwetsetsa. Atatuwo akwanira kuyambira. Dziwani kuti anthu amakonda kuchepetsa lachitatulo, choncho afunseni za tsiku loipitsitsa lomwe akulikumbukira. Kenako yendetsani chiyerekezo kawiri, ndi nambala yotsika ndi yokwera. Yankho likapanda kusintha, musavutike nayo nambalayo. Likasintha, ndiyo yoti muikepo sabata yanu yoyeza. Pa ntchito ya usipa musaiwale kugawa masiku a mdima ndi a mwezi wowala, komanso masiku a mwera, popeza maboti safika mofanana.

Ndingadziwe bwanji kuti pulani yanga ili bwino ndisanayambe kulemba pulogalamu, ndipo ndigwiritse pulogalamu iti?
*Mphunzitsi wa masamu, Chipoka*

Aphunzitsi, za pulogalamu n'zachidule. SimPy ndi yaulere ndipo imayenda mu Python, yabwino pa mizere. NetLogo nayo ndi yaulere, imathandiza pamene aliyense m'chiyerekezo akudzisankhira chochita. AnyLogic, Arena ndi Simul8 ndi zamalonda zokhala ndi zithunzi zoyenda. Pulani yabwino imalowa mu iliyonse. Chenjezo ndi lakuti musapinde vuto lanu kuti likwane m'pulogalamu yomwe mukuidziwa.

Kuyesa pulani ndiye kofunika, ndipo kumachitika patebulo. Jambulani mabokosi anu pa pepala lalikulu. Njere za chimanga zikhale anthu, zitsekerero za mabotolo zikhale ogwira ntchito. Nthawi zomwe munayeza pamalo a ntchitoyo mulembe pa timapepala, kamodzi nambala imodzi, muike m'zitini ziwiri, china cha kafikidwe china cha nthawi yothandizidwa. Tolani kapepala, werengani, bwezerani m'chitini, sunthani njere ngati pa bawo, wina azilemba nthawi pa bolodi. Itanani munthu amene amagwira ntchito yeniyeniyo akhale pambali panu.

Musanathe njere 20 mudzakumana ndi mafunso omwe pulani sinayankhe. Awiri afika nthawi imodzi, ayambe ndani? Nthawi yankhomaliro yakwana wina ali pakati pothandizidwa, amalizidwa kapena adikira? Pofika nthawi yotseka, otsala pamzere amabwezedwa kapena amathandizidwa onse? Funso lililonse lotere ndi lamulo losowa, mulilembe pomwepo. Mukapanda kuligamula inu, wolemba pulogalamu adzaligamula yekha mwakachetechete, ndipo palibe adzadziwe. Mnzanu wa pambali uja akati "ife sitichita choncho", imani, konzani muvi, yambiraninso.

Pulogalamu ikadzatha, ipatseni manambala omwewo a patebulo, motsatana momwemo, ndipo itulutse zomwe munalemba pa bolodi. Zikasiyana, cholakwa chili m'pulogalamu. Zikafanana koma zosagwirizana ndi zomwe zimaoneka pamalo enieni, bwererani ku mndandanda wa zongoganizira, muyambe ndi chomwe munachilemba kuti chingasinthe yankho kwambiri. Ndipo poti kuyendetsa kamodzi kuli ngati kuona tsiku limodzi lokha, yendetsani maulendo 30 kapena kuposa, ulendo uliwonse ndi manambala ena amwamwayi, musanauze aliyense zotsatira. Ana a Fomu 3 atha kuchita za patebulozi m'mapiriyodi awiri, gulu lina likhale ndi wothandiza mmodzi, lina awiri, kenako ayerekeze mizere yawo.